Musanadule Masipuling'i a Galimoto Yanu

Loweruka madzulo mu Mzuzu mukaima pafupi ndi raundabauti ya Katoto kapena mumsewu wopita ku Luwinga, muziona zikudutsa mwapang'onopang'ono: ma Vitz, ma Fit, ma Mark X ogona pansi, marimu ali waliwali, nyimbo zikugunda m'buti. Kukongola kwake palibe angatsutse. Chovuta ndi njira imene achinyamata ambiri amatsitsira galimotozi, yotenga galainda n'kudula makoyilo awiri pa sipuling'i iliyonse.

Sipuling'i yodula imauma komanso imafupika, pamene shoki idakali yomweyo. Shoki anaipanga kuti izisewera chapakati pa ulendo wake. Galimoto ikatsika, imakhala yapanikizika kale, ndiye pa bampu iliyonse imagunda kumapeto. Posakhalitsa masilo (timalabala totsekera mafuta mu shoki) amafooka, mafutawo n'kuyamba kudontha, galimoto n'kumadumpha ngati ngolo. Chinanso, mapeto a sipuling'i anawaumba kuti akhale bwino pa mbale yake. Podulapo sipakhazikika, ndipo tayala likalendewera m'dzenje sipuling'i imatha kusuntha kapena kuchokeratu. Ena amaiwotcha ndi gasi kuti ifwe yokha. Apo ndiye zoipiratu, chifukwa chitsulo chimataya mphamvu ndipo galimoto imapendekera mbali imodzi.

Tsono ganizirani misewu yathu. Galimoto zazing'ono zochokera ku Japan zimabwera ndi mpata wa masentimita 13 mpaka 15 kuchokera pansi. Chotsanipo 5, mukwezemo anzanu anayi, mulowe m'misewu ya dothi ya ku Chibavi kapena Zolozolo mvula itakokolola. Choyamba kukhula pansi ndi bampala ndi ekizozi, koma choopsa ndi sampu, kabeseni kosunga oyilo kunsi kwa injini. Ikabooka, oyilo amatha m'mphindi zochepa. Getsi lofiira la oyilo likayaka, imani ndi kuzimitsa injini pomwepo. Wonena kuti "ndifike kaye kunyumba" amakagula injini ina.

Ngati mtima wafunadi kutsitsa, gulani masipuling'i opangidwira mtundu wa galimoto yanuyo, otsitsa mamilimita 25 mpaka 35 basi, pamodzi ndi mashoki aafupi oyenderana nawo. Mukamanga, pitani ku alayimenti, kowongola kaimidwe ka matayala. Kutsitsa kumapendeketsa matayala, ndipo amadyeka m'kati momwe diso silifika. Kunja tayala likuoneka latsopano, m'kati mawaya ali pamtunda. Pisani dzanja mumve.

Pa marimu, chofunika n'chakuti msinkhu wa tayala lonse usasinthe kupitirira 3 peresenti, apo ayi sipidomita imanama ndipo tayala limakhula m'thupi mukakhota. Tayala la 175/65 R14 (la rimu ya mainchesi 14) ndi lotalika mamilimita 583. La 195/50 R15 ndi 576, la 195/45 R16 ndi 582, onsewa akukwana. Koma onani mnofu wa m'mbali: pa 14 ulipo mamilimita 114, pa 16 watsala 88. Mnofu umenewu ndiwo umameza dzenje. Ukachepa, dzenje limodzi la pa M1 popita ku Chikangawa limatupitsa tayala kapena kupinda rimu. Kwa galimoto yaing'ono ya ku Mzuzu kuno, 15 ndiye malire anzeru; 17 ndi wa pa chithunzi cha pa Facebook.

Rimu isanagulidwe, yezani mabowo. Ma Vitz ndi ma Fit ambiri ali ndi mabawuti anayi pa mamilimita 100 (kukula kwa mzere wozungulira umene mabawutiwo akhalapo), Mark X asanu pa 114.3. Bowo lapakati nalo limasiyana: pa Vitz ndi 54.1, pa Fit 56.1. Marimu ogula padera nthawi zambiri amakhala ndi bowo lalikulu, choncho pamafunika timphete todzaza mpatawo. Popanda timeneti chiwongolero chimatha kumanjenjemera mukathamanga, ngakhale mubalanse matayala kangati. Manati amangidwe ndi sipanala yoyeza mphamvu, 103 Nm pa Vitz ndi Mark X, osati kupondera ndi phazi pa chipaipi, ndipo muwabwereze mukayenda makilomita 50 mpaka 100.

Za zoimbira tingonena chimodzi. Waya wonenepa wochoka ku batire kupita ku ampu (chokuzira mawu a nyimbo) m'buti ayenera kukhala ndi fyuzi pafupi ndi batire, osapitirira masentimita 45. Fyuzi ya pa ampu imateteza ampu yokha. Wayayo akatupuka podutsa pa chitsulo n'kugunda thupi la galimoto, amapsa kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo, pansi pa kapeti. Pamene akudutsa pa bowo la chitsulo muikepo labala, ndipo waya wa efi (wolumikiza ampu ku thupi la galimoto) akhale waufupi, womangidwa pa chitsulo chopala penti.