Laser yochotsera cheya: ikawotcha, musapirire

Pali mphekesera ziwiri zomwe zikufala. Ina ikuti laser, makina otulutsa kuwala kwamphamvu, imathetsa cheya ndi ndevu ulendo umodzi wokha. Ina ikuti makina akamawawa kwambiri ndiye kuti akugwira bwino ntchito. Zonsezi n'zabodza, koma yachiwiriyi ndiyo ikusiyira anthu zipsera.

Kuwala kwa laser kumalondola melanin, utoto wakuda wa m'tsitsi, n'kutenthetsa muzu wake. Kumangowononga mizu ya tsitsi lomwe likukula panthawiyo, n'chifukwa chake pamafunika maulendo 6 mpaka 8, motalikirana masabata 4 mpaka 6. Cheya chimachepa, china chimadzameranso chopyapyala. Imvi sizichoka chifukwa zilibe utoto.

Vuto ndi lakuti khungu lakuda nalonso lili ndi melanin wambiri, ndiye makina osayenera amawotcha tsitsi ndi khungu lomwe. Oyenerera khungu lakuda ndi Nd:YAG ya 1064 nm (nambalayi imasonyeza mtundu wa kuwala), yomwe kuwala kwake kumapitirira mkati osatenthetsa kwambiri pamwamba. Alexandrite ya 755 nm komanso IPL (makina a kuwala kwamphamvu omwe si laser yeniyeni), kuphatikizapo timakina togwiritsa ntchito kunyumba, zimawotcha khungu lakuda mosavuta. Funsani okuchotsani cheyawo dzina la makinawo. Ayambe ayesa pa kamalo kakang'ono, mudikire masiku osachepera awiri muone mmene pakhalire.

Kwa masabata 4 musanapite, musazule cheya. Ingometani ndi lezala dzulo lake. Muwauze ngati mumadzola mafuta oyeretsa khungu kapena ngati zipsera zanu zimatupa. Maso akhale otchingidwa ndi magalasi ake.

Kumva ngati akukuthibulani ndi kalabala, ndiponso kutupa pang'ono kwa maola ochepa, n'zoyembekezeka. Koma ululu wonga wa moto si chizindikiro chabwino ayi. Auzeni asiye pomwepo, chonde musalimbe mtima.

Pakatuluka matuza, kumeneko ndi kupsa. Thirani madzi ozizira kwa mphindi 20. Musaboole matuzawo, musapakepo mankhwala otsukira mano, ndipo pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Tikubwerezanso: tsiku lomwelo. Ambiri amadikira poganiza kuti ndi mizu ikufa, mpaka bala limachita mafinya n'kusiya mawanga akuda kapena oyera omwe amatha miyezi asanachoke.

Amayi omwe akumera ndevu, msambo n'kumabweranso mosinthasintha, ayambe aonana ndi dokotala. Ngati gwero ndi mahomoni, laser payokha siiletsa ndevu zina kumera.