Filimu si umboni wa mbiri ya munthu

Pa zaka zonse zimene ndakhala ndikuphunzitsa mbiri yakale, pali yankho limodzi limene landitopetsa: "Koma ndinaziona mufilimu." Mawu aja amene amaoneka koyambirira, akuti nkhaniyi yachokera pa zimene zinachitikadi, sakulonjeza kuti zonse muonezo n'zoona. Nthawi zambiri amangotanthauza kuti munthuyo analikodi, basi.

Kufupikitsa nkhani sindikutsutsa ayi. Moyo wa munthu sungakwane m'maola awiri, n'chifukwa chake anthu atatu amasanduka mmodzi, ndipo zokambirana za kuchipinda zimene palibe anazimva zimapekedwa. Zina n'kusasamala chabe. Braveheart ya mu 1995 inaonetsa nkhondo ya pa Stirling Bridge ku Scotland ya mu 1297 popanda mlatho, chonsecho mlathowo ndi umene unagonjetsa asilikali a England chifukwa ankawoloka ochepaochepa. Isabella, mwana wa mfumu ya France amene filimuyo inamupanga chibwenzi cha William Wallace, mtsogoleri wa ankhondo a Scotland, anali akadali kamwana ku France pamene Wallace ankaphedwa mu 1305.

Imene imandiwawa mpaka lero ndi The Imitation Game ya mu 2014. Alan Turing anali katswiri wa masamu amene anagwira ntchito ku Bletchley Park pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, kumasulira mauthenga achinsinsi a asilikali a Germany. Mu 1952 anazengedwa mlandu chifukwa chokhala paubwenzi ndi mwamuna mnzake, zimene pa nthawiyo zinali mlandu ku Britain. Anamubaya mankhwala osintha thupi m'malo momutsekera kundende, ndipo anamwalira mu 1954 ali ndi zaka 41. Mfumukazi ya ku Britain inamukhululukira mu 2013. Tsono patangopita chaka, filimu ikumuonetsa atatulukira kuti John Cairncross ndi kazitape wa Soviet Union, iye n'kukhala chete poopa kuululidwa chinsinsi chake. Cairncross analidi kazitape, analidi ku Bletchley Park, koma ankagwira ntchito m'gawo lina, ndipo palibe umboni woti awiriwa anakumanapo. Kubisa kazitape pa nthawi ya nkhondo n'kupereka dziko lako kwa adani. Mlandu umenewu anamusenzetsa munthu amene ali m'manda, sangadziyankhire.

Bodzali ndinalipeza ndi maso anga m'chimangirizo cha mtsikana wina wakhama kwambiri m'kalasi mwanga. Analemba kuti Turing "anateteza kazitape". Nditadula mzere wofiira pansi pa mawuwo, anandiyang'ana modabwa, n'kunena kuti nkhope ya Turing inkaonekeratu kuti ali ndi mantha. Nkhope imene ankanenayo inali ya wochita sewero. Chimene waona ndi maso, nyimbo zachisoni zikulira chapansipansi, chimakhazikika mumtima kuposa tsamba la buku. Dzina la Marian Rejewski, katswiri wa ku Poland amene anayamba kumasula chinsinsi cha Enigma, makina amene asilikali a Germany ankalembera mauthenga achinsinsi, mu 1932, mtsikanayo anali asanalimvepo.

Ndiye pali anthu ena amene ndikukuchenjezani nawo kwambiri. Amadula kachidutswa ka filimu, n'kuikapo mawu awo, n'kuponya pa TikTok kapena YouTube ngati akuulula zimene aphunzitsi amabisa. Satchula buku, kalata kapena chikalata cha kukhoti. Amayankhula motsimikiza, ndipo kutsimikizako n'kumene kumakola anthu. Katswiri weniweni amakuuzani kumene watenga mfundo yake, amavomeranso pamene umboni wathera.

Makolo ndi aphunzitsi anzanga, musadikire. Mwana akaonera filimu yotere, kambiranani sabata yomweyo, bodza lisanamere mizu, chifukwa pakapita zaka amalikakamira ngati analipo. Mufunseni kuti ndi chochitika chiti chimene chamukhudza kwambiri, ndipo mukafufuze chimenecho poyamba m'buku la mbiri ya munthuyo lotchula magwero ake. Malo okhudza mtima kwambiriwo ndi amene opanga filimu amakonda kusinthapo zinthu.