Malipiro a mlezi wa ana: zoti mugwirizane mwana asanayambe

Makolo ambiri akapita kwa mlezi amene amasamalira ana pakhomo pake, funso lawo limakhala limodzi: "Ndi zingati pa ola?" Funsoli silokwanira. Ndalama imene mumapereka imasunga malo a mwana wanu, kaya wabwera kaya sanabwere, ndipo mikangano yambiri imabuka chifukwa mfundo imeneyi sinamveke pachiyambi.

Mlezi sangalandire ana ochuluka mmene angafunire. Ku England, mwachitsanzo, mlezi mmodzi amaloledwa kusamalira ana osapitirira 6 a zaka zosakwana 8, ndipo kawirikawiri khanda losakwana chaka limakhala limodzi basi. N'chifukwa chake kwa alezi ambiri khanda limakwera mtengo kuposa mwana wa zaka zitatu: limafuna kunyamulidwa, kumwetsedwa ndi kusinthidwa thewera pafupipafupi. Komanso mwana wanu akatentha thupi Lachiwiri m'mawa n'kutsala kunyumba, mlezi sangapeze mwana wina wodzaza malowo tsiku lomwelo. Tsikulo mudzalipira ndithu, ndipo ife tikuona kuti ndi chilungamo. Akadwala mlezi mwini n'kutseka, nthawi zambiri kholo sililipira.

Malipiro amawerengedwa pa ola, pa theka la tsiku, pa tsiku lathunthu kapena pa mwezi. Ya pa ola imathandiza amene nthawi yawo ya ntchito imasinthasintha, koma funsani ngati pali maola ochepetsetsa amene muyenera kulipira pa mlungu.

Pa ndalama ya pa mwezi m'pamene anthu amapunthwa. Mwezi suli ndi milungu inayi yokha, uli ndi pafupifupi 4.33. Mukatenga ndalama ya pa mlungu n'kuchulukitsa ndi 4, pachaka mwalipira milungu 48 yokha pomwe chaka chili ndi milungu 52, ndipo mlezi wagwira ntchito milungu inayi ulele. Njira yolondola ndi kuchulukitsa ndalama ya pa mlungu ndi 52 kenako kugawa ndi 12. Ngati mwagwirizana kuti mlezi amatseka milungu inayi pachaka osalipidwa, pamenepo mugwiritse ntchito 48, ndipo kuchulukitsa ndi 4 kuja kumakhala koona. Chitani masamuwa pamodzi, papepala, aliyense atenge kope lake.

Dipoziti ndi ndalama yosungitsa malo si chinthu chimodzi. Dipoziti imabwezedwa kapena kuchotsedwa pa malipiro omaliza. Yosungitsa malo, imene nthawi zambiri imakhala theka la malipiro, ndi ya nthawi imene malo akudikira mwana wanu, monga pa tchuthi cha sukulu kapena mayi asanabwerere ku ntchito, ndipo siibwerera.

Kuchedwa kukatenga mwana nakonso kumalipitsidwa, kawirikawiri pa mphindi 15 zilizonse. Kholo limaona ngati mphindi makumi awiri si kanthu. Mlezi amene wakhala ndi ana kuyambira m'bandakucha, mwana wanu atavala kale nsapato ndi chikwama pamsana akuyang'ana pakhomo, amaziona mosiyana.

Funsaninso zimene zili mkati mwa mtengowo. Chakudya, mkaka wa khanda, matewera ndi ndalama ya maulendo, ena amaziphatikiza, ena amaziwerengera padera, ndipo mtengo wooneka wotsika ukhoza kudzakwera zonsezi zikaonjezedwa. Ngati mukubweretsa ana awiri a bere limodzi, pemphani kuchotseredwa pa wachiwiri, ena amalola.

Zonsezi zilembedwe mu mgwirizano wosainidwa ndi mbali zonse ziwiri, kuphatikizapo tsiku lolipira, ngati mumalipiriratu kapena mumalipira kumapeto kwa mwezi, ndi nthawi yodziwitsana mtengo usanakwere. Lembaninso nthawi yochenjezana pofuna kusiya, imene ambiri amaika pa milungu inayi. Mukachotsa mwana mwadzidzidzi, milungu imeneyo mudzalipirabe. Nthawi iliyonse mukapereka ndalama, landirani risiti yosonyeza masiku amene mwalipirira.