Musandionetse sikirini, ndionetseni matebulo

Chaka ndi chaka ikafika nyengo ya ma project a chaka chomaliza, ophunzira amabwera ku ofesi kwanga atanyamula laputopu, nkhope zili mwee. Amandionetsa sikirini yokongola, mabatani amitundumitundu. Ndikafunsa kuti matebulo a database yawo ali kuti ndipo akulumikizana bwanji, amayamba kukanda m'mutu. "Aphunzitsi, zimenezo tipanga kumapeto." Yankho limeneli landitopetsa. Database, momwe pulogalamu imasungamo zolembedwa zake zonse, ndi nkhokwe, ndipo palibe amene amayamba kuluka nkhokwe chimanga chili kale pabwalo, mitambo itachita bii.

Sinditaya nthawi kufotokoza kuti tebulo n'chiyani, aliyense amene anatsegulapo Excel akulidziwa. Mu 1970 Edgar Codd wa ku IBM analemba pepala lomwe linabala ma relational database, osunga zinthu m'matebulo olumikizana, amene tikugwiritsa ntchito mpaka lero, ndipo zonse zomwe timakuvutitsani nazo m'kalasi pa normalization zimabwerera pa mfundo imodzi: chinthu chimodzi chilembedwe malo amodzi, kamodzi basi. Mukachilemba malo awiri, tsiku lina malo awiriwo adzatsutsana, ndipo kompyuta sidzakuuzani loona ndi liti.

Pali nkhani imene imandisowetsabe mtendere. Ndinaitanidwa ku bungwe lina la alimi losunga ndi kubwereketsa ndalama, la maofesi awiri, ina paboma ina pamsika wakumudzi. Mnyamata amene anawapangira pulogalamu anathira zonse mu tebulo limodzi: dzina, mudzi, foni, ngongole, zobweza. Membala akabwera kudzabweza, kalaliki ankalembanso dzina lake pamanja. Inu mukudziwa mmene L ndi R amasinthirana m'kalembedwe kathu. Mayi mmodzi anasanduka anthu atatu: pena dzina la bambo ake lili ndi L, pena lili ndi R, pena walembedwa ndi dzina la amuna ake. Choipitsitsa, m'mudzi womwewo munalinso mayi wina wa dzina lofanana ndendende. Ndalama zina zomwe woyambayo ankabweza zinkagwera pa mnzakeyo.

Dzina la mayi woyamba uja linawerengedwa pamsonkhano, pamaso pa anthu, kuti ndi okana kubweza ngongole. Tsiku limene ndinafika anali atakhala pakhonde la ofesi kuyambira m'mawa. Anamasula nsonga ya chitenje, natulutsa kajumbo ka shuga, m'kati mwake muli malisiti onse atapindidwa bwinobwino, osasowa ndi limodzi lomwe. Anangoti, "Mwanawe, ine sindinadyepo ndalama ya munthu." Matebulo tinakonza pa masiku owerengeka, membala aliyense n'kumupatsa nambala yakeyake. Koma amene anamva dzina lija pamsonkhano si onse amene anadzamva kuti cholakwa chinali cha pulogalamu.

Choncho ndikamanena m'kalasi kuti dzina si primary key, chizindikiro chosiyanitsa mzere uliwonse ndi unzake mu tebulo, sindikunena za mayeso ayi. M'dziko la a Banda ndi a Phiri ambirimbiri, dzina silingasiyanitse anthu. Nambala ya foni nayonso ayi: anthu amasintha ma SIM, banja lonse limagwiritsa ntchito foni imodzi, ndipo mukaisunga ngati nambala yowerengera, 0 wakutsogolo wa 088 kapena 099 amagwa.

Vuto lachiwiri pabungwe lomwelo linali la maofesi awiri aja. Iliyonse inali ndi kope yake ya database, ndipo Lachisanu munthu ankakwera njinga ndi flash kukaphatikiza. Pakati pa sabata membala ankatha kutapa ndalama zomwezo uku ndi uko. Apa ndiye pagona phunziro lonse la distributed systems, kapena kuti makompyuta angapo ogwira ntchito imodzi ali malo osiyanasiyana. Mu 2000 Eric Brewer ananena, ndipo mu 2002 Seth Gilbert ndi Nancy Lynch a ku MIT anatsimikizira ndi masamu, kuti netiweki ikaduka pakati pa makina awiri muyenera kusankha: mukane kuthandiza munthu mpaka makinawo alankhulanenso, kapena mumuthandize koma muvomere kuti mabuku awiriwo asiyana kwa kanthawi. Njira yachitatu palibe. Kwathu kuno, kumene magetsi amathima ndipo netiweki imathawa nthawi iliyonse, funso limeneli ndi la tsiku ndi tsiku. Kulemba membala watsopano kungathe kuchitika netiweki palibe. Kutapa ndalama zochuluka kuyenera kudikira. Chisankho chimenechi mupange ndi eni bungwe, papepala, musanalembe mzere ngakhale umodzi wa code.

M'malo mwake ophunzira amafika ndi mayina akuluakulu a mapulogalamu osunga ndi kuyendetsa zolembedwa zochuluka, ati tigwiritsa ntchito Cassandra, tiwonjezere Kafka. Cassandra inapangidwa ku Facebook pofuna kuthana ndi mavuto a anthu mamiliyoni ochuluka. Inu muli ndi sukulu imodzi, chipatala chimodzi, sitolo ziwiri. Database imodzi ya PostgreSQL yokonzedwa bwino ikukwanirani kwa zaka, ndipo ndi yaulere. Makina aliwonse amene mwawonjezera ndi malo enanso oti zinthu zisemphane.

Kwa inu eni mabizinesi ndi mabungwe, chenjerani ndi asing'anga a makompyuta amene adzaza m'matauni. Amakopera pulogalamu pa intaneti, kusintha mtundu ndi dzina, n'kukugulitsani kuti ndi "system". Mufunseni wogulitsayo akujambulireni matebulo papepala. Akayamba kuzungulira, musalipire. Ndipo Excel si database, ngakhale atakuuzani ndani. Mu 2020 ku England anthu 15,841 opezeka ndi Covid-19 sanalowe m'malipoti pa nthawi yake chifukwa zotsatira zinkadutsa m'mafayilo a Excel a mtundu wakale, omwe amathera pa mizere 65,536. Zopitirira pamenepo zinkangotsala, popanda chenjezo. Wogulitsa uja mufunseninso za backup, kope ya database yosungidwa padera kuti muibweze zinthu zikafufutika, ndipo musakhutire ndi mawu oti "ilipo". Aibweze inu mukuona. Mu 2017 wogwira ntchito ku GitLab, kampani ya mapulogalamu a makompyuta, anafufuta database molakwitsa, ndipo atathamangira ku ma backup anapeza kuti ambiri sankagwira ntchito. Anataya zolembedwa za maola pafupifupi 6, chonsecho ndi kampani ya akatswiri okhaokha.

Chondiwawa n'chakuti anthu amatiitana madzi atafika kale m'khosi, patatha zaka zitatu akuthira zinthu mu tebulo lolakwika. Pamenepo ntchito imakhala yofunsa munthu mmodzimmodzi kuti kodi dzina ili ndi lanu kapena la mnzanu. Mukangoona membala mmodzi akuoneka kawiri, kapena maofesi awiri akupereka ziwerengero zosiyana, itanani wodziwa sabata yomweyo. Nanunso ophunzira anga, bwerani sabata yachitatu ya semesita, laputopu muisiye ku hostel, mutenge pensulo ndi pepala.