Munda ukakokoloka, dzina lanu limafika bwanji kuboma?

Kuno ku Mzuzu mvula imachedwa kusiya. Anzathu a kumwera akamaimika mikukwe mu Epulo, ife timakhala tikuponda matope. Amene munali kuno mu Epulo 2016 mukukumbukira mmene inagwera masiku otsatizana, nyumba n'kumagwa ku Masasa, ku Chibavi ndi ku Salisbury Line, mabanja n'kukagona m'masukulu ndi m'matchalitchi. Maso a aliyense anali pa nyumba, ndipo m'pomveka. Ine monga mlangizi wa zaulimi, anga anali m'madimba a m'mbali mwa mtsinje wa Lunyangwa, mmene mchenga unakwirira kabichi, tomato ndi chimanga chimene chinali chitatsala pang'ono kuuma.

Kuyambira nthawi imeneyo, kukagwa matalala, kukaomba mphepo ya mkuntho kapena madzi akasefukira, funso limene ndimakumana nalo ndi limodzi: "Alangizi, nanga boma litilipira liti?" Ndimayankha mosabisa ngakhale yankholo limawawa. Boma siliwerengera mlimi mtengo wa mbewu imene yaonongeka n'kumubwezera ndalama zake. Ngati mumayembekezera matumba 30 pamunda umene wapita ndi madzi, palibe ofesi imene idzakupatseni matumba 30. Chimene chilipo ndi thandizo loti banja lisagone ndi njala komanso loti mlimi adzalenso. Thandizolo limatsata mayina amene analembedwa m'masiku oyambirira ngozi itachitika, ndipo apa ndi pamene alimi ambiri amatsalira.

Ntchitoyi ili m'manja mwa nthambi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, imene ambiri timangoti DoDMA. Chiyambi chake ndi napolo wa ku Phalombe wa mu Malichi 1991, amene anapha anthu mazanamazana. Chaka chomwecho dziko linakhazikitsa lamulo lokonzekera ngozi ndi kupereka thandizo, ndipo lamulolo linagwira ntchito mpaka 2023, pamene aphungu anavomereza latsopano namondwe wa Freddy atangosakaza chigawo cha kumwera. DoDMA ilibe anthu ake m'mudzi uliwonse. Imadalira makomiti. M'mudzi muli komiti ya ngozi imene tinazolowera kuitchula kuti VCPC, pamwamba pake pali ya m'dera la mfumu yaikulu, kenako ya kukhonsolo, ndipo bwanamkubwa ndi amene amatumiza lipoti ku Lilongwe. Mumzinda muno njira yake imadzera kwa atsogoleri a mabuloko, kukomiti ya wadi ndi khansala, mpaka kukhonsolo ya mzinda.

Pambali pa njira imeneyi pali ina ya ife a zaulimi. Mlangizi wa m'dera amayendera minda n'kulemba mahekitala ndi mtundu wa mbewu, lipoti n'kupita kuofesi ya zaulimi ya m'deralo yotchedwa EPA, kuchoka apo kuofesi ya zaulimi ya boma, kenako kuofesi yaikulu ya zaulimi ya Mzuzu ADD imene imayang'anira Mzimba, Rumphi, Nkhata Bay ndi Likoma. Komiti ya ngozi imathamangira miyoyo, nyumba ndi chakudya. Za mbewu yodzalanso zimachokera kwambiri m'malipoti a alangizi. Choncho mlimi amene wauza amfumu okha, mlangizi osamva, akhoza kulandira bulangete ndi ndowa koma mbewu n'kumuphonya.

Pali vuto lina limene ndi lathulathu la anthu a m'tauni. Ambiri amene mumakhala ku Chiputula, ku Mchengautuwa kapena ku Zolozolo minda yanu ili kunja kwa mzinda: ku Choma, ku Ekwendeni, ena mpaka ku Chikwina. Munthu munda ukaonongeka amathamangira kwa khansala wake kuno, pamene mundawo uli m'dera la khonsolo ya M'mbelwa kapena ya Nkhata Bay. Khansala sangalembe munda umene suli m'wadi yake, ndipo komiti ya kumudziko imalemba anthu amene ikuwaona. Munda umalembedwa kumene uli. Kwerani kabaza kapena minibasi, mukaonekere kwa amfumu a kumeneko ndi kwa mlangizi wa dera limenelo. Ngati mundawo ndi wobwereka kapena wa lendi, nenani poyera pamaso pa amfumu kuti amene anadzala ndinu. Ndaonapo kangapo mwini nthaka, amene chaka chimenecho sanagwire n'komwe khasu, akulembedwa m'malo mwa mayi amene anathira feteleza wa ngongole. Zimandipweteka, chifukwa mndandanda ukapita kuboma kuukonza kumavuta kwambiri.

Musadikire sabata. Tsiku lomwelo kapena m'mawa mwake nenani. Khalani ndi chiphaso cha unzika, ndipo dzina lilembedwe monga lilili pachiphasocho, osati dzina la pamudzi kapena la mwana wanu woyamba. Nenani tsiku limene ngoziyo inachitika, mbewu imene inali m'mundamo, msinkhu umene inafika, ndi kukula kwa malo amene aonongeka. Ife timalemba m'mahekitala, ndipo hekitala imodzi ndi maekala pafupifupi awiri ndi theka, koma inu nenani m'maekala mmene mumadziwira, kusinthako n'kwathu. Ngati pali foni yojambula, jambulani madzi asanaphwe. Pakatha masiku khumi udzu umamera pamchenga, ndipo mlendo wobwera kudzatsimikiza sangadziwe kuti pamenepo panali mizere.

Ndikupempheni chinthu chimodzi ndi mtima wonse: musachulukitse. Ndikudziwa chifukwa chake anthu amatero. Amaganiza kuti akanena ekala imodzi alandira zochepa, ndiye bola anene zitatu. Chaka china ndinalandira mndandanda wa mudzi wina umene, titaphatikiza maekala ake, anaposa nthaka yonse yolimidwa m'mudzimo. Otsimikiza atafika anaukana wonse. Tinayambiranso kulemba khomo ndi khomo, ndipo pamene timamaliza, mbewu yochepa imene inalipo inali itapita kumidzi imene mindandanda yake inali yoongoka. M'mudzi umenewo munali agogo awiri amene minda yawo inapitadi yonse, ndipo iwo sananame kanthu.

Thandizo loyamba kufika limakhala lopulumutsa moyo: chimanga kapena ufa, nyemba, mabulangete, ziwiya za kukhitchini, mapepala a pulasitiki ofolerera. Limeneli silidikira kuti mtsogoleri wa dziko alengeze kanthu. Lipoti la khonsolo ndi lokwanira kuti DoDMA itumize zimene ili nazo. Kulengeza kuti dziko lili pangozi kumachitika vuto likaposa mphamvu za boma, ndipo ntchito yake yaikulu ndi kutsegula khomo loti maiko ndi mabungwe akunja athandize. Pulezidenti Peter Mutharika analengeza chomwecho mu Januwale 2015 madzi atasefukira m'maboma 15, mu Epulo 2016 chifukwa cha chilala, ndiponso mu Disembala 2017 ntchemberezandonda zitagwira maboma 20. Pulezidenti Lazarus Chakwera analengeza mu Malichi 2023 chifukwa cha Freddy, ndi pa 23 Malichi 2024 m'maboma 23 mwa 28 chifukwa cha ng'amba ya El Niño. Matalala amene asakaza midzi itatu ku Mzimba sadzafika pamlingo umenewo, koma izi sizitanthauza kuti musalembetse.

Kwa mlimi, thandizo limene ndimaliona kuti ndi lofunika koposa ndi lodzalanso, ndipo ndi limene limakonda kuchedwa. Limabwera kudzera ku unduna wa zaulimi ndi mabungwe ogwira nawo ntchito: mbewu ya chimanga chocha msanga, nyemba, mbewu ya mbatata ya kholowa, mitengo ya chinangwa, mbewu za masamba, nthawi zina feteleza ndi mapampu othirira. Vuto lake n'lakuti nthaka siidikira mapepala. Madzi akaphwa m'dambo amasiya chinyontho chimene chikhoza kulera nyemba miyezi itatu, koma chinyonthocho chimatsika tsiku ndi tsiku. Mbewu yofika mu Meyi imabala. Yomweyo ikafika mu Ogasiti, kwa munthu wopanda madzi othirira, imangokhala m'nyumba kudikira mvula ina, apo ayi imathera mumphika. Mbewu ya mbatata ndiye siichedwa n'komwe kuonongeka: ikakhala masiku angapo itaunjikidwa m'galimoto imafika itapsa. Maganizo anga ndi akuti ndalama zogulira mbewu zizikhala pafupi, kukhonsolo, ndipo mbewuyo izigulidwa kwa alimi ochulukitsa mbewu a m'dera lomwelo. Kuno tili ndi malo a kafukufuku wa zaulimi a Lunyangwa pakhomo pathu penipeni, ndipo alimi a ku Nkhata Bay chinangwa amachidziwa kuposa aliyense. Palibe chifukwa choti mitengo ya chinangwa iziyenda mtunda wautali chonsecho ili pafupi.

Pamene mukudikira, musafulumire kuzula. Chimanga chimene chagwetsedwa ndi mphepo chisanamasule nthawi zambiri chimadzuka chokha pakapita masiku ochepa. Chimene matalala ang'amba masamba ake chikhoza kuphukanso ngati mtima wake sunaphwanyike. Dikirani masiku anayi kapena asanu muone ngati tsamba latsopano likutuluka. Koma chimanga chaching'ono chimene chamira m'madzi kupitirira masiku atatu kapena anayi, kawirikawiri chimakhala chapita, ndipo pamenepo musataye nthawi. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Ngati mnansi ali ndi mbatata ya Kadyaubwerere, Kaphulira kapena Zondeni m'dimba mwake, pemphani kapena gulani mudzale sabata yomweyo. Ya boma ikabwera mudzaonjezera.

Thumba la chimanga la makilogalamu 50 limene anthu ambiri amalidziwa ndi la nyengo ina. Limeneli limabwera m'miyezi ya njala, kuyambira cha mu Okutobala mpaka Malichi, ndipo silichokera pa lipoti la ngozi imodzi. Anthu akakolola, komiti younika za chakudya m'dziko muno, MVAC, imazungulira maboma onse, kuona zokolola, mitengo ya pamsika ndi mmene mabanja akupezera, n'kunena chiwerengero cha anthu amene chakudya chidzawathere. Mu 2024 inapeza anthu 5.7 miliyoni. Boma lililonse limapatsidwa chiwerengero chake ndi miyezi imene lidzathandizidwe, ndipo makomiti amasankha mabanja mogwirizana ndi chiwerengerocho. N'chifukwa chake mudzi wa mabanja 80 ukhoza kupatsidwa malo 15 okha. Sikuti nthawi zonse amfumu abisa mayina. Malowo amabwera atachepa kale. Chimangacho chimachokera m'nkhokwe za NFRA, bungwe la boma losunga chakudya, kapena kwa abwenzi monga WFP, bungwe loona za chakudya padziko lonse, ndipo madera ena amalandira ndalama m'malo mwa thumba. Kumene misika ili ndi chimanga, monga mumzinda muno, ndalama zimathandiza, bola zikhale zolingana ndi mtengo wa thumba pa tsiku lolandira.

Makuponi a feteleza wotsika mtengo, amene anayamba mu 2005, komanso Mtukula Pakhomo umene unayambira ku Mchinji mu 2006, si thandizo la ngozi. Ali ndi kalembera wake ndi zolinga zake. Kukhala pa Mtukula Pakhomo sikuchotsa ufulu wanu wonena kuti munda wanu wakokoloka.

Ena amafunsa za inshulansi. Boma limagula inshulansi ya chilala ku bungwe la maiko a mu Africa lotchedwa African Risk Capacity, koma wolandira ndalama ndi boma, kuti ligulire chakudya, osati mlimi payekha. Zimene zinachitika mu 2016 zimandiphunzitsa zambiri. Chilala chinali poyera, anthu oposa 6 miliyoni akusowa chakudya, koma makompyuta a bungwelo anaonetsa kuti vuto ndi laling'ono ndipo palibe cholipira. Atafufuza anapeza kuti mawerengedwe awo anatengera chimanga chochedwa kucha, pamene alimi ambiri anadzala chocha msanga, chimene ng'amba inachipeza pa nthawi yomasula. Atakonza, dziko linalandira madola 8.1 miliyoni, koma miyezi yambiri itadutsa. Mlangizi akamakufunsani kuti mwadzala mtundu wanji ndiponso liti, musamuone ngati wovuta. Mayankho amenewo amakafika kutali.

Kulembedwa n'kwaulere. Palibe wa komiti, mfumu, khansala kapena mlangizi amene ali ndi ufulu wokupemphani ndalama, nkhuku, kapena gawo la thumba lanu kuti dzina lanu lilowe. Kunena za wofuna thupi la mayi kapena la mtsikana posinthana ndi thandizo, umenewo ndi mlandu wa kupolisi, ndipo ine ndikaumva sindiusunga. Mayina a olandira amayenera kuwerengedwa pagulu anthu onse akumva. Pitani kumsonkhano umenewo ngakhale mutatopa chotani, ndipo ngati mukudziwa gogo kapena munthu wolumala amene sangathe kuyenda, mutchuleni pomwepo. Pamalo ogawira katundu pamayenera kukhala tebulo kapena bokosi la madandaulo. Ngati palibe, kapena ngati wodandaulidwayo ndi amene wakhala patebulopo, pitani kukhonsolo mukafunse mkulu woona za ngozi, ndipo za ziphuphu zikanenedwe ku bungwe lothana ndi ziphuphu la ACB, amene ali ndi ofesi mumzinda muno.

Ziweto nazo zilembedwe. Alimi amaiwala kutchula mbuzi, nkhumba ndi nkhuku zimene zapita ndi madzi, komanso maiwe a nsomba amene aphwasuka, chonsecho kuno kumpoto maiwewo ndi chuma cha mabanja ambiri. Uzani mlangizi wa ziweto tsiku lomwelo, ndipo nyama ya chiweto chimene mwachipeza chitafa m'madzi musadye kapena kugulitsa. Ikwirireni mozama, kutali ndi chitsime.