Chuma cha masiye si cha abale a mwamuna

M'midzi ndi m'matauni mwathu anthu ambiri amakhulupirirabe kuti bambo akamwalira osalemba wilo, katundu wake amagawidwa ndi achimwene ake kapena amalume motsata mwambo. Malamulo a Malawi sanena choncho. Lamulo la Deceased Estates (Wills, Inheritance and Protection) Act la 2011, lomwe linalowa m'malo mwa la 1967, limaika patsogolo mkazi kapena mwamuna wotsala, ana, ndi ena amene ankadalira malemuyo.

Katundu wa m'nyumba yemwe mayi ankagwiritsa ntchito limodzi ndi mwamuna wake, monga bedi, mipando ndi ziwiya, amakhala wa mayiyo. Zotsalazo zimagawidwa pakati pa iye, ana ndi ena amene ankadalira malemuyo, ndipo mwana wobadwira kunja kwa banja naye ali ndi gawo. Mayi akakwatiwanso sataya chuma chomwe analandira, kupatula chomwe chili pa malo a makolo, chomwe chimapita kwa ana.

Vuto limayamba pamaliro pomwe, wachibale akatenga makiyi a galimoto ndi makalata a nyumba kuti "asunge". Kulanda chuma cha masiye ndi mlandu, ndipo munthu akhoza kumangidwa zaka 10. Kawirikawiri palibe amene ali ndi mphamvu yogawa kapena kugulitsa katundu asanapatsidwe chilolezo ndi khoti choyendetsera chumacho. Zoterezi zikachitika, kadandauleni kupolisi, kwa DC kapena ku ofesi ya Administrator General, yomwe ndi ofesi ya boma yoyang'anira chuma cha masiye, mutanyamula chikalata cha imfa ndi mndandanda wa katundu yense.