"Fob off": mawu oti muwadziwe anthu akamakuzembani

Pali ka phrasal verb (mneni wa Chingerezi woyenda ndi kamawu kena kotsatira) kena kamene ana a Fomu 4 ambiri sanakamvepo, koma abale athu amene ali ku UK amakamva pafupipafupi makamaka nkhani ikakhala ya landilodi kapena kufuna kuonana ndi dokotala. Ndi "fob off".

Tanthauzo lake ndi kumupatsa munthu kayankho kongomuchotsera pamaso. Mwapita kukafunsa za ndalama zanu, wa pa kauntala osadzutsa n'komwe mutu angoti abwana atuluka mubwere mawa, mawa lakelo mwafika akuti netiweki yavuta. Ameneyo sanakukanizeni ayi, wokana amanena poyera kuti sizitheka, uyu wakusiyani ndi kachiyembekezo kabodza kuti muzingoyenda. Apo mukhoza kunena kuti "They fobbed me off." Onani b awiriwo mu "fobbed", ambiri amalemba mmodzi.

Tsono pamene anthu amagwa ndi pa kamangidwe. Munthu wozembedwayo akakhala "me", "him" kapena "us" amalowa pakati, timati "fob him off", osati "fob off him", chachiwirichi mzungu akachimva amadziwiratu kuti mwangoloweza mu dikishonale. Ndiye pali timawu tiwiri totsatira timene timatembenuza nkhani yonse. Mukati "with", mukutchula chimene anakupusitsirani nacho: "He fobbed me off with excuses." Mukati "on", ndiye kuti chinthu chosafunika achikankhira kwa wina, monga wogulitsa amene wakugwiritsani foni yakufa batire, "He fobbed a faulty phone off on me." Poyamba paja pakati pali munthu, apa pakati pali katundu. Ine ndimawauza ophunzira anga kuti aziloweza ziganizo ziwirizi zathunthu, kusiyana n'kuloweza "fob off" payekha, chifukwa payekha sakuthandizani pakamwa pakafunika changu.

Ndi mawu a ku Britain kwambiri, ku America samveka kawirikawiri. Komanso ngocheza, mu lipoti la kuntchito kapena kalata yofunsira ntchito asiyeni.

Koma podandaula, aaa, amagwira ntchito zedi, ndipo n'chifukwa chake ndimafuna anthu athu awadziwe, timangovomera "mawa" mwaulemu mpaka chaka kutha. Mukaimba foni kachitatu nkhani yomweyomweyo, nenani modekha kuti "I don't want to be fobbed off again", kenako funsani dzina la amene mukuyankhula nayeyo ndi tsiku lenileni limene akonze vutolo.